Nsanje ya Amake Dailesi

Mwezi uno takwanitsa chaka chiwaikireni m'manda azakhali anga, Amake Dailesi, koma mpaka lero anthu a mu Nangongwe, komboni yathu ya ku Kafue, akutsutsanabe ngati mayi aja anali achifundo kapena ansanje chabe. Ine ndinakulira pafupi nawo, ndinadya za m'manja mwawo, ndipo ndinganene mosabisa kuti nsanje inalipo, yambiri ndithu. Pa maliro abusa anayesa kuiveka malaya. Anati malemuwa anali mayi wodziwa kusunga zake. Amayi amene anakhala kumbuyo anangokodolana ndi zigongono.

Dzina lawo linali Belita, mlongo wawo wa bambo anga. Anabwera ku Kafue kuchokera ku Katete ali mtsikana, kutsatira amuna awo, a Sakala, amene anapeza ntchito pa fakitale ina ya m'tauni muno. Anali mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, woyenda mofulumira ngati wasiya kanthu pamoto. Mwana anabereka mmodzi yekha, Dailesi, ndipo mwanayo sankaloledwa kugona kunyumba ya wina aliyense, ngakhale kwathu.

Ukapita kukawaona n'kunena kuti wadya kale, mlandu unkayamba pomwepo. Ankafuna kudziwa kuti wadya kwa ndani, ndiwo zinali zanji, mchere unakwana kapena ayi. Ukalakwitsa n'kuyamikira, ankakupakulira mbale yodzaza, n'kukhala patsogolo pako mpaka uimalize. Ankakonda kunena kuti munthu wodya makomo awiri amakhalanso ndi malilime awiri. Ankanenanso kuti chinthu chimene sukuchilondera usamachitche chako. Mnansi wina anagula chitenge chofanana ndi chawo, iwo anatenga chawocho n'kuchisandutsa chopukutira mapoto, n'kumachiyanika pamalo poti mnansiyo azichiona.

Ntchito yawo inali yophika pa hositelo ya fakitale, nyumba yaitali ya malata imene ankagonamo anyamata osakwatira. Kenako inafika nthawi ija boma linayamba kugulitsa makampani. Fakitale inayamba kuchotsa anthu pang'onopang'ono, kenako inatseka zipata. A Sakala ntchito inatha, bambo anga chimodzimodzi. Ena anauzidwa kuti atuluke m'nyumba za kampani, ndipo tinkaona mabedi ndi makabati ali pawilibala kupita kukapanikizana kwa achibale. Hositelo inakhala yopanda munthu nyengo imodzi ya mvula, mpaka boma linaitenga kuti lizisungiramo anthu othawa nkhondo ku Kongo ndi ku Rwanda, amene ankadikira yankho ngati aloledwa kukhala m'dziko muno. Mwa antchito onse akale, amene anawasunga anali azakhali okha, poti anthuwo ankafunika wowaphikira.

Tauni yonse inapsa mtima. Amuna amene dzulo lake ankavala maovololo tsopano ankakhala tsiku lonse pansi pa mtengo pafupi ndi mpanda wa hositelo, kuonerera lole ikutsitsa matumba a ufa ndi nyemba. Bambo anga anali mmodzi wa iwo. Ankabwera kunyumba nkhope ili gwa.

"Ise tinasebenzera iyi kampani mpaka misana kupindika," ankatero, "manje tigona monga nkhuku. Bena bachoka uko, bapeza nyumba, bapeza na vakudya. Kansi kuti boma ikuone ufunika kuyamba wathawa nkhondo?"

Mphekesera zinkati m'katimo amadya mpunga ndi nkhuku, amagona pamatilesi atsopano, mabulangete awiriawiri. Azakhali ankazimva zonsezi, koma sankatsutsa. Ndikuganiza kuti zinkawakomera kuti anthu aziyesa kuti iwo ndi amene akusunga makiyi a chinthu chosiririka. Akamadutsa pamtengo paja ankaliza makiyiwo m'chiuno, ndipo akamanena za othawa nkhondowo ankati "banthu banga."

Zoona zake zinali zina, ndipo iwo ankazidziwa kuposa wina aliyense. Zipinda zimene anamangira anyamata awiriawiri tsopano munkagona banja lonse. Amene anasowa zipinda anawaika mu holo yodyera, ndipo banja lililonse linkadzitchinga ndi mabulangete ndi masaka opachika pachingwe. Mwamuna ndi mkazi wake sakanatha kunong'onezana popanda anansi kumva. Malata ankadontha. Mpopi unali umodzi, zimbudzi zinkadzaza kawirikawiri. Kutuluka pachipata kunkafuna chilolezo, kugwira ntchito kunali koletsedwa, kuphika wekha kunalinso koletsedwa. Munthu ankadzuka, n'kuima pamzere wa phala, n'kukhala, n'kuimanso pamzere wa nshima ndi nyemba, n'kudikira yankho lochokera ku Lusaka limene kwa ena linkatenga zaka.

M'masiku omaliza a azakhali, ali m'chipatala, thupi litatha, ndinapita kukawaona pamodzi ndi Mama Mwamini, mmodzi wa othawa nkhondo aja. M'chipindamo munagonanso mayi wina wa kumpingo, ndipo Mama Mwamini anayamba wapereka moni kwa mayiyo poti bedi lake linali pafupi ndi khomo. Azakhali anatembenukira kukhoma. Kenako anati, osatembenuka, "Pitani kwa uja mwabwelera." Umu ndi mmene anakhalira ndi Mama Mwamini kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza.

Mama Mwamini anafika pa hositelo chaka chachiwiri. Anali mzamba wochokera kum'mawa kwa Kongo, wamtali, wolankhula pang'onopang'ono. Mwamuna wake ndi mwana wake wamkazi anafera m'njira, ndipo anafika ndi kamdzukulu kamodzi, Neema, kamene kanali kakungophunzira kuyenda. Sabata yoyamba anabweza mbale ya nyemba ili theka, n'kunena mwaulemu m'Chibemba chake chothyokathyoka kuti nyembazo zinali zofumbwa ndipo mwana zikumutsegula m'mimba. Zinali zoona, nyembazo zinkabwera zofumbwa kale. Koma kubweza mbale ya Amake Dailesi kunali ngati kuwalavulira.

Chimene chinakoleza moto ndi a Sakala. Posowa chochita, ankapita ku hositelo kukasewera nsolo ndi amuna a kumeneko. Mama Mwamini anali atapanga kambaula ka chitini kuseri kwa bafa, pomwe ankaphikira mwakabisira chigwada, chimene kuno timati katapa, n'kuthira timafuta tofiira ta kwawo timene anagula kwa oyendetsa malole. Tsiku lina anapatsako a Sakala. Madzulo ake a Sakala, munthu wofatsa amene sankayamba ndewu ndi aliyense, ananena mawu amene anawalipira moyo wawo wonse.

"Uja mayi wa ku Kongo," anatero akusamba m'manja, "aziba kuphika katapa."

M'mawa mwake azakhali anakwera minibasi kupita ku Shimabala, n'kubwera ndi mtolo wa chigwada. Anasinja mpaka manja kutupa. Sabata yonse a Sakala anadya chigwada, chotendera, chamafuta, chosakaniza ndi nsomba zouma. Tsiku lililonse azakhali ankafunsa kuti "Nanga iyi?" ndipo a Sakala ankati ili bwino. Koma "ili bwino" sanali mawu amene iwo ankafuna. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anapita kuseri kwa bafa, n'kugubuduza kambaula kaja ndi phazi.

"Pano ophika ndine," anatero. "Ngati mufuna khitchini, bwelerani kwanu."

Mama Mwamini anatola makala amodziamodzi ndi manja. "Kwathu kulibe khitchini, Mama," anayankha. "Banatentha."

Azakhali anabwerera ku khitchini. Sanakamunenere kwa woyang'anira hositelo, ngakhale lamulo linali kumbali yawo, koma sanapepesenso.

Chodabwitsa n'chakuti kamwana kaja, Neema, kanakonda azakhali. Kankathawa agogo ake n'kukaima pakhomo la khitchini. Azakhali anayamba kukabereka kumbuyo akamatakasa miphika, kukasungira mkute ndi tizidutswa ta mbatata. Kanayamba kuwatcha "Ambuya," ndipo iwo ankaonetsetsa kuti kanene mawuwo mokweza Mama Mwamini akamadutsa. Madzulo agogo ake akabwera kudzakatenga, azakhali ankati sikanakhute, kadikire pang'ono. Amayi awiri akuluakulu ankakanganirana mwana ngati mitala ikukanganirana mwamuna.

Mvula ya chaka chimenecho inali yoopsa. Zimbudzi zinasefukira, madzi oipa analowa mu holo n'kunyowetsa mphasa ndi mabulangete. Matenda otsegula m'mimba anagwira ana ambiri. Neema anadwala Lachitatu, chilolezo chopitira kuchipatala chinachedwa poti woyang'anira anali atachokapo, ndipo pofika Lachisanu mwana anali atapita. Anamuika kumanda a tauni. Azakhali sanalire pagulu. Anabwerera ku khitchini n'kukaphika chakudya chamadzulo monga mwa masiku onse, koma Dailesi anatiuza kuti chitenge chimene ankaberekera mwanayo anachipinda osachichapa.

Imfa ya mwanayo ndi ya ena awiri inamveka ku Lusaka, ndipo kunabwera uthenga woti akuluakulu abwera kudzaona okha. Woyang'anira hositelo, mnyamata wina woopa kwambiri kutaya ntchito monga tonse tinkaopera masiku amenewo, analamula kuti khoma lakutsogolo alipake laimu. Anasamutsira odwala kuzipinda zakumbuyo, n'kukhoma holo, n'kuuza anthu a mu holo kuti akhale panja ngati akuothera dzuwa. Anagula nkhuku ndi mpunga, n'kuuza azakhali kuti akafunsidwa anene kuti amaphika zotere kawirikawiri. Iwo anavomera. Nyumbayo inali yawo, ndipo sankafuna kuti mlendo aione ili maliseche.

Tsikulo ndinalipo, kunja kwa mpanda pamodzi ndi khamu la mu Nangongwe. Fungo la nkhuku litafika pamtengo paja, amuna anayamba kukuwa. "Mwaona! Si tinakamba? Nkhuku!" Ena ankati hositelo ibwerere kwa eni ake, ena ankagwedeza waya. Magalimoto atalowa, alendo anakhala pamipando pabwalo. Othawa nkhondo anali atasankha Mama Mwamini kuti awalankhulire. Anaimirira atavala zakuda, n'kuyamba kufotokoza m'Chifalansa, mnyamata wina akumasulira. Anayamba ndi denga, n'kupita kumpopi. Alendo onse anatembenukira kwa iye. Mayi wamkulu wa gululo anavula magalasi n'kumamvetsera akugwedeza mutu.

Azakhali anali ataima pakhomo la khitchini, mthiko uli m'manja. Ndinkawaona bwino. Ankayang'ana alendowo, n'kuyang'ana Mama Mwamini, n'kuyang'ananso alendowo. Anamuponyera diso lomwe ankaponyera munthu akayamikira ndiwo za kwina. Mwadzidzidzi anadutsa pakati pa bwalo n'kukaima kutsogolo kwa Mama Mwamini.

"Uyu anabwera mailo," anatero mokweza, kutanthauza kuti dzulodzuloli. "Aziba chani? Iyi nyumba naiziba ine kuchokera pamene banaimanga. Ngati ni kukamba voipa vake, nizakamba ine. Nyamukani."

Woyang'anira anayesa kuseka kuti ndi nthabwala za mayi wachikulire. Azakhali sanamuyang'ane n'komwe. Anamasula makiyi m'chiuno, poti kiyi wa holo anali nayenso, n'kutsogola. Alendo anayang'anana, kenako mayi wa magalasi uja anaimirira, ena onse n'kutsatira. Azakhali anawatsegulira holo. Anawaonetsa mzere umene madzi a m'chimbudzi anafika pakhoma. Anakweza bulangete n'kuwaonetsa pamene pankagona banja la anthu asanu ndi awiri. Anawalowetsa mosungira chakudya, n'kuvuula nyemba m'thumba, n'kuziika m'manja mwa bwana wina kuti aone anankafumbwe akuyenda. Anawauza kuti nkhuku imene akumva fungo lakeyo ndi yoyamba kulowa m'khitchinimo chichokereni anyamata a fakitale.

Atatero anapita kuchipata, n'kuuza mlonda kuti atsegule. Mlonda anazengereza, iwo anamukankha. Anagwira bambo anga padzanja.

"Imwe ba Phiri, na imwe bonse, ngenani. Bwerani muone vamene muchitira jelasi."

Amuna analowa mwamanyazi, zipewa zili m'manja. Ndinalowa nawo. Fungo la mu holo linatikwana tisanafike pakhomo. Kuseri kwa saka lina kunagona mayi woonda kwambiri, ndipo atationa anakoka nsalu kuphimba nkhope. Palibe anakuwanso. Bambo anga anatuluka msanga n'kukaima pa mpanda. Madzulo ake sanadye, anangonena kuti mu holo imeneyo ndi mmene ankavinira pa Khirisimasi ali mnyamata.

Patapita zaka ndinawafunsa azakhali ngati anachita zimenezi chifukwa cha Neema. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati iwo sakanalola kuti mkazi wobwera afotokoze za nyumba yawo ngati kuti mwini wake anafa. Ndinadikira kuti mwina awonjezera. Anatola nsomba imene inagwa pathebulo lawo la malonda, n'kuipukuta, n'kunena motsitsa mawu kuti mwana uja anali atayamba kulemera, msana unkawawa pomubereka.

Kusintha kunabwera, ngakhale mochedwa. Anakhoma malata atsopano. Mu holo anamangamo makoma a njerwa, banja lililonse n'kukhala ndi chitseko chake ndi loko wake. Anakumba zimbudzi zina, anawonjezera mipopi, umodzi n'kuuika kunja kwa mpanda kuti a mu Nangongwe azitunganso. Pa ntchito yomangayo analemba amuna a pamtengo paja, ndipo bambo anga anayala njerwa miyezi ingapo. Wodwala analoledwa kupita kuchipatala osadikira chilolezo, ndipo masana anthu ankatha kupita kumsika. Chomaliza, chimene Mama Mwamini anachimenyera kwambiri, chinali chakuti banja lililonse lizilandira ufa, nyemba, mafuta ndi makala, liziphika lokha zimene likufuna.

Ndiye kuti wophika sankafunikanso.

Tsiku lotsegulira nyumba yokonzedwayo, Mama Mwamini anamukhazika kutsogolo, anamuyamikira monga mayi wolimba mtima amene analankhulira anzake, anthu n'kuwomba m'manja. Dzina la azakhali silinatchulidwe. Anapereka makiyi, n'kunyamula mthiko wawo, poti unali wawowawo wochokera ku Katete. Madzulo amenewo pakhomo lililonse la hositelo panali mbaula, ndipo fungo la chigwada ndi mafuta ofiira linafika mpaka kumsewu. Azakhali anatseka mawindo a nyumba yawo. Nkhani ya kuwomba m'manjayo sanaikhululuke mpaka kufa. Ankaifotokoza kwa aliyense, ngakhale kwa kondakitala wa minibasi, kuti ng'ombe inalima ndi ina, yodya madeya ndi ina.

Sanakhale pansi. Anakhoma kathebulo pafupi ndi chipata cha hositelo, n'kumagulitsa tomato, repu ndi nsomba zouma zimene ankakatenga ku Chanyanya. Ogula ake anali "banthu bake" omwe aja, ndipo tsoka kwa amene amuona akuchokera kumsika ndi nsomba za kwina. Mama Mwamini yankho lake litabwera loti akhoza kukhala, sanapite ku Lusaka monga anachitira ena. Anakhoma thebulo lake kumanja kwa la azakhali, mpata wake wongokwana munthu kudutsa chammbali, n'kumagulitsa mafuta ofiira, chigwada chosinjasinja ndi mandasi. Azakhali anati wabwera kudzawalanda makasitomala. Mama Mwamini anati wabwera chifukwa pamenepo pali mthunzi.

Patapita nthawi boma linasamutsira othawa nkhondo onse kumisasa yakutali, hositelo n'kusanduka nyumba za lendi. Amayi awiriwa anatsala pomwepo. Anakalambira limodzi akukangana za malire a mathebulo, za amene wayamba kuitana kasitomala, za amene mwana wa Dailesi wamupatsa moni poyamba. Wina akapita kuchimbudzi, mnzake ankamugulitsira, ndipo akabwera ankakangana kuti wagulitsa motchipa dala.

A Sakala atamwalira, Mama Mwamini anafika pamaliro akulira kuchokera kumsewu. Azakhali, ali pamphasa pakati pa amayi, anadzutsa mutu n'kumvetsera. Anakoka Dailesi n'kumunong'oneza, koma tonse tinamva: "Uja alira maningi. Mwamuna ni wanga, osati wake." Komabe masiku onse a maliro amene anagona pambali pawo, kuwafunditsa ndi kuwakakamiza kumwa phala, anali Mama Mwamini. Ndipo phalalo ankamwa, akudandaula kuti lachepa mchere.

Sabata yatha ndinadutsa pa chipata chija. Thebulo la azakhali lilipobe. Pulasitiki imene inali denga lake inang'ambika, ikungolendewera pamtengo umodzi, ndipo matabwa ayamba kutuluka misomali. Pansi pake pamera bonongwe. Malowo ndi abwino, ali pamphambano, ndipo amayi angapo apemphapo kuti aikepo malonda awo, koma Mama Mwamini amawabweza. Iyenso katundu wake wachuluka, mabotolo ena amawaika pansi, koma sanaikepo ngakhale limodzi pathebulo lopanda kanthulo. M'mawa uliwonse amalipukuta fumbi.

Ndili pomwepo mtsikana wina anagula mandasi, n'kuluma, n'kunena mokweza kuti mu Kafue yonse mulibe wophika ngati Mama Mwamini. Mayiyo anadzidzimuka, n'kuika chala pakamwa kuti mtsikanayo atsitse mawu, n'kucheukira kumanzere. Kunali kampando kokha, kopendekera kukhoma, ndi nkhuku ya eni ake itagona pansi pake.